Msana wa Achemwali Anga

Kanemayo analowa m'foni usiku, nditakhala pamwala wa kuseri kwa nyumba pamene netiweki imagwira bwino. Anatumiza ndi msuweni wathu wa ku Cape Town, amene amagwira ntchito m'khola la akavalo, kuwasambitsa, kuwapesa ndi kuwola ndowe, monga achitira Amalawi ambiri kumeneko. Pansi pake analemba mawu ochepa: "Muwaonetse achemwali. Kuno ana ngati wathu uja amawathandiza chonchi."

Munali kamtsikana ka zaka ngati 6, katakhala pachishalo. Koma pansi pa chishalocho panalibe kavalo. Panali chitsulo chokutidwa ndi pulasitiki, chingwe chake chitalowa kukhoma. Mayi wina wovala yunifomu anadina batani, chishalo n'kuyamba kuyenda osachoka pamalo: kutsogolo, kumbuyo, kupendekera uku, kupendekera uko, pang'onopang'ono ngati bwato lomangirira padoko tsiku lopanda mwera. Mutu wa mwanayo, umene unali utagwera pachifuwa, unadzuka. Unagwanso. Unadzukanso, n'kukhala.

Mutu umenewo ndinauzindikira. Tili nawo pakhomo pathu.

Kutacha ndinawapeza achemwali akuyanika chinangwa cha kondowole pathandala, mwana ali kumsana, miyendo yake yayitali ikulendewera mpaka m'mawondo mwawo. Anaonera katatu osatulutsa mawu. Kenaka anandibwezera foni, n'kukokera chitenje paphewa. "Ndiye chimangomugwedeza basi, achimwene? Nanga ine ndimatani naye tsiku lonse?"

Funso limenelo landitsata chaka chathunthu.

Mwanayu ali ndi zaka 7. Anabadwira kumtunda, kumene achemwali anakwatiwa, atamva zowawa usiku wonse ndi usana wake. Atatuluka sanalire. Azamba anamupukuta, kumutembenuza, kumupopera mpweya, ndipo kulira kutabwera kunali kwa kamwana ka mphaka. Anatuluka m'chipatala onse ali moyo, anthu n'kuthokoza Mulungu. Vuto linayamba kuonekera pa miyezi imene ana anzake amalimba khosi. Lake silinalimbe. Anzake anakhala pansi, anakwawa, anaimirira pogwira khoma; iye ali chigonere, manja atafumbata, miyendo ikupingasana ngati sizasi akamunyamula. Bambo ake anapirira zaka ziwiri, kenaka anayamba kuchedwa kubwera kunyumba, kenaka sanabwerenso. Achemwali anakwera sitima ya Ilala ndi mtolo umodzi ndi mwana, kubwerera kwathu ku Likoma.

Achipatala amati ndi cerebral palsy. Ubongo ukavulala mwana ali m'mimba, pobadwa kapena ali wakhanda, mbali imene imalamulira minofu siigwira bwino ntchito. Balalo silikula ndipo silipola, koma thupi limene likulamulidwa ndi ubongowo likukula, ndiye minofu ikasiyidwa imafupika, mfundo n'kuuma. Dokotala wa ku England, William John Little, amene naye anali wopunduka phazi, anafotokoza za ana otere m'zaka za m'ma 1860, ndipo anaona kale kuti ambiri ndi obadwa movutikira kapena masiku asanakwane. Kuno kwathu kuwonjezera pa kubanika pobadwa pali chikasu cha makanda chikachedwa kuonedwa, matenda oumitsa khosi, ndi malungo a mu ubongo, amene madokotala monga Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre m'ma 1980. Mwana amene anali kuthamanga pamchenga amakomoka ndi malungo, n'kutsitsimuka patapita masiku atasiya kuyenda ndi kulankhula. M'mbali mwa nyanja muno nkhani yotere si yachilendo.

Zimenezi ndi za m'mabuku. Za pamudzi zinali zina. Ena amati bambo ake anamukhwimira kuti bizinesi iyende. Ena amati achemwali anasempha mwambo ali ndi pakati. Mayi wina anauza mwana wake woyembekezera kuti asamayang'anitsitse kumsana kwa achemwali. Ndikamadutsa pa tchalitchi chachikulu cha St Peter's, chimene amishoni a UMCA anayamba kumanga mu 1903 pamalo otchedwa Chipyela, pamene kale ankawotcherapo anthu owaganizira ufiti, ndimaganiza kuti moto uja unazima koma phulusa lake likadali lofunda m'kamwa mwathu. Tinasiya kuwotcha anthu. Kusaka munthu womuloza chala mwana akabadwa wosiyana ndi anzake sitinasiye, ndipo chalacho kawirikawiri chimagwera pa mayi.

Nanga kavalo akulowa bwanji m'nkhaniyi? Nditaona kanema uja ndinafufuza, ndipo chimene ndinapeza chinandikhazika pansi. Kavalo akamayenda pang'onopang'ono amaponda pafupifupi ka 100 pa mphindi imodzi, ndipo phazi lililonse likatera msana wake umasuntha chiuno cha wokwerayo m'njira zitatu: kutsogolo ndi kumbuyo, kumanja ndi kumanzere, ndi kupotoka pang'ono. Mmenemu ndi mmene chiuno cha munthu chimachitira iye akamayenda ndi miyendo yake. Ndiye mwana amene sanapondepo pansi, akakhala pa kavalo, thupi lake limalawa kuyenda. Kugwedezeka kulikonse kumafuna kumugwetsa pang'ono, ndipo minofu ya pamimba, ya kumsana ndi ya m'khosi imayenera kuyankha kuti abwerere pakati. Pa mphindi 30 yayankha kambirimbiri iye osadziwa kuti akuchita mafizo. Kukhala chotangadza kumatambasulanso minofu ya mkati mwa ntchafu, yomwe ija imapingasitsa miyendo, ndipo kutentha kwa thupi la nyamayo kumaifewetsa.

Amene anatsegula maso a anthu pa zimenezi ndi mayi wa ku Denmark, Lis Hartel. Poliyo inamugwira mu 1944 ali ndi pakati, n'kumusiya wopanda mphamvu kuchokera m'mawondo kutsika. Anabwerera pa kavalo, ndipo mu 1952 pa masewera a Olympics ku Helsinki anapambana mendulo ya siliva. Pokalandira menduloyo sakanatha kutsika yekha. Anamuthandiza ndi Henri Saint Cyr wa ku Sweden, yemwe anatenga ya golide. Zitatero, ochiritsa a ku Ulaya anayamba kukweza ana olumala pa akavalo. Ku Britain bungwe la Riding for the Disabled Association linakhazikitsidwa mu 1969, ndipo la ku South Africa, SARDA, linayambira ku Cape Town mu 1973, mumzinda womwewo mmene msuweni wathu amawola ndowe lero.

Kavalo ndi wodula. Amadya, amadwala, amadzidzimuka, ndipo kuti mwana mmodzi akwere pamafunika womutsogolera kavaloyo ndi anthu ena oyenda m'mbali. Choncho anthu anaganiza zochotsa kavalo n'kusiya kayendedwe kake kokha. Kampani ya ku Japan imene timaidziwa ndi dzina la Panasonic inatulutsa makina otchedwa Joba, poyamba ngati chipangizo cholimbitsira thupi m'nyumba, ndipo ochiritsa a ku Brazil, South Korea ndi Spain anayamba kuwayesa pa ana a cerebral palsy. Kafukufuku wina wa ku Zaragoza, m'dziko la Spain, amene anatuluka mu 2012, anandikhudza chifukwa cha kuona mtima kwake. Anatenga ana 38 n'kuwagawa pawiri. Onse ankakhala pachishalo mphindi 15 kamodzi pa sabata kwa masabata 10, koma gulu limodzi makina ali oyaka, linalo ali ozima. Ana a makina oyaka anayamba kukhala mokhazikika kuposa anzawo, makamaka aja olumala kwambiri. Koma kusintha kumeneko kunali kwa pakukhala pokha, moyo wonse wa mwanayo sunatembenuke, ndipo atasiya kukwera phindulo linayamba kuzilala. Makinawa amathandiza, pang'ono, pa chinthu chimodzi, bola mwana asasiye. Kwa munthu amene sanasamalepo mwana wotere "pang'ono" ameneyo angamveke wopanda pake. Kwa ife, mwana wokhoza kukhala yekha pamkeka kwa mphindi zisanu ndiye kuti mayi ake akwanitsa kuvundula nsima ndi manja onse awiri.

Ine chibadwire sindinaonepo kavalo pachilumba pano. Dera lathu ndi la makilomita 18 okha m'bwalo lake lonse, miyala ndi milambe, mbuzi ndi nkhuku, njinga zamoto za kabaza zikudumpha m'misewu yafumbi kuchoka ku Mbamba kupita ku Makulawe kapena ku Nkhwazi. Akavalo apafupi amene ndinamvapo ali ku Kande, kutsidya la Nkhata Bay, kumene alendo amakwera nawo mpaka m'madzi, ndi ena pamwamba pa phiri la Zomba. Makina aja akanatha kuyaka, poti masiku ano magetsi a dzuwa anawonjezera pa majenereta a dizilo amene kale ankazimitsidwa usiku. Koma magetsi sindiwo anali m'funso la achemwali.

Kunena zoona, poyamba ndinaganiza kuti akulondola kotheratu. Taganizani: azungu anapanga makina otsanzira kavalo chifukwa kavalo amatsanzira chiuno cha munthu woyenda. Nanga mwana wobereka kumsana wakhala pa chiyani? Wakhala pa chiuno chenichenicho, atatangadza, akumva kutentha kwa thupi la mayi ake, kuchoka kunyumba kupita kunyanja, kunyanja kupita kumunda, kumunda kupita kutchalitchi. Chimene ena akugula ndi ndalama zambiri, mwana wathu wakhala akuchilandira zaka 7, tsiku ndi tsiku. Ndinanyada nazo maganizo amenewa, mpaka ndinawanena pamaso pa munthu wodziwa.

Unali ulendo wathu wa ku Mzuzu, kukaonana ndi a mafizo. Masiku amenewo Ilala inkaima patali ndi gombe, anthu n'kumapita ndi maboti aang'ono. Amene sanakwerepo sangamvetse tanthauzo la kufika pa sitima imeneyi ndi mwana wosayenda. Tinkalowa m'madzi mpaka m'chiuno, usiku, pakati pa matumba a usipa ndi madengu, mwanayo akuperekedwa m'manja mwa anthu osawadziwa kuchoka pagombe kulowa m'boti, kuchoka m'boti kukwera makwerero a chitsulo. Akachita mantha thupi lake lonse limauma ngati thabwa, mutu n'kubwerera chagada. Mnyamata wina wonyamula katundu anamulandira pamwamba, n'kumufungatira pachifuwa mpaka amayi ake atakwera, akumuuza kuti, "Osaopa, bwana, wafika." Sitimayi yakhala ikuyenda panyanjayi kuyambira 1951, ndipo imadutsa kamodzi pa sabata kulowera kumpoto, kamodzi kubwerera. Ukaiphonya wadikira. Kuchoka pa Nkhata Bay pali makilomita ena pafupifupi 50 okwera mapiri pa minibasi. Ulendo wonsewo, ndalama ya matumba angapo a usipa, n'cholinga chokakhala ndi wa mafizo ola limodzi.

Anali mtsikana wamng'ono, wa m'gulu la amene anaphunzira konkuno, poti digiri ya ntchitoyi inayamba ku College of Medicine mu 2010. Ndinamuonetsa kanema uja n'kumufotokozera nzeru zanga za msana. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenaka anapempha achemwali kuti atembenuke.

"Taonani apa, bambo. Chitenjechi chamugwira kuyambira m'matako mpaka m'khosi. Mutu wautsamiritsa pamsana. Amayi akamayenda iye akugwedezeka, inde, koma amene akugwira ntchito ndi chitenje. Pa kavalo palibe chomugwira. Akapendekeka ayenera kudziwongola yekha, ndipo mankhwala ake ndi kudziwongolako."

Achemwali anaweramitsa nkhope. Mtsikanayo anaona, n'kuwagwira dzanja. "Amayi, musamve ngati mwalakwitsa. Miyendo iyi ikutambasuka chonchi chifukwa cha msana wanu. Ana ambiri amene amangogonekedwa m'nyumba amafika kuno mfundo zitauma kale. Inu mwamusunga. Tsopano tiyeni timupatse ntchito."

Anamuyeza m'chiuno kaye, chifukwa ana a minofu yokokana chonchi fupa la ntchafu limatha kuguluka pang'onopang'ono, ndipo kumutangadzitsa mokakamiza kungamupweteke. Anafunsa ngati amagwa khunyu. Atakhutira, anatenga bulangete n'kulikulunga ngati mtolo wa mphasa, kumukhazika mwanayo chotangadza, iye n'kugwada kumbuyo. Sanamugwire m'khwapa monga timachitira ife. Anamugwira m'chiuno, m'munsi, ndi manja awiri, n'kuyamba kupendeketsa bulangetelo pang'ono. Mwanayo anagwera kumanzere. Ine ndinatambasula dzanja kuti ndimuwakhe, iye n'kundiletsa ndi diso. Tinadikira. Ndinaona kamnofu ka m'mbali mwa khosi kakunjenjemera, nkhope ikuchita tsinya, dovu likutsika pachibwano. Ndiye pang'onopang'ono, ngati munthu wokoka chilimila chodzaza, anabwerera pakati.

Kudikira kumeneko ndiko kunandivuta kuposa zonse. Chikondi chathu chinali chofulumira kuwakha.

Titabwerera kuchilumba ndinayang'ana pagombe ndi maso ena. Bwato langa lakale, losema pamtengo umodzi, lili ndi kamwa yopapatiza, ndipo ife asodzi sitikhala mkati mwake. Timakhala pamwamba pa milomo yake. Ndinalikokera pamadzi ofika m'mawondo, m'mawa nyanja ili bata, n'kuyala thumba lopindapinda chakumapeto kumene ndi kopapatiza. Achemwali anaima mbali ina, ine mbali ina, manja anga ali m'chiuno mwake monga anationetsera. Sitinapalase, ndipo sitipalasa naye mpaka lero. Bwato limakhala pomwepo, m'manja mwathu. Timafunde tating'ono timabwera tokha, kulinyamula, kulitsitsa, kulipendeketsa, ndipo palibe kawiri kofanana. Sindikunena kuti bwato ndi kavalo, kapena kuti ndatulukira mankhwala. Ndi njira yathu yochitira chimene wa mafizo anatiphunzitsa pa bulangete, ndipo titamufotokozera ulendo wotsatira anatiuza zoti tisamale nazo: madzi osaya, anthu awiri nthawi zonse, kusiya akangotopa.

Tsiku loyamba analira. Lachitatu anasiya kulira n'kuyamba kuyang'ana tinsomba tikuzungulira miyendo yanga. Kuti ationetsetse anayenera kudzutsa mutu n'kuugwira, ndipo anaugwira. Achemwali amawerenga mokweza, modzi, wiri, tatu, kuona kuti afika pati mutu usanagwe. Mwezi woyamba sankapitirira 4. Mwera ukabwera, kuyambira mwezi wa Meyi, nyanja imakalipa masiku ambiri ndipo timabwerera ku bulangete pakhonde. Nthawi imeneyo amabwerera m'mbuyo pang'ono, monga ana a ku Zaragoza aja.

Pali chinthu china chimene makina a m'chipinda sangapereke, chimene msuweni wathu anachitchula pafoni osadziwa kuti wanena chachikulu. Anati ana aja akakwera kavalo weniweni amakhala pamwamba kuposa aliyense, ndipo akuluakulu amawayang'ana chokweza maso. Mwana wathu moyo wake wonse anthu amuona ali pansi pamkeka kapena atabisika kumsana, nkhope itakanikizika pa bulauzi. Pabwato ali poyera. Ana a pagombe, amene kale ankangomusuzumira n'kuthawa, anayamba kubwera kudzagwira bwato. Amakanganirana kuti lero agwedeza ndani. Amamutchula dzina lake. Mayi uja amene ankaletsa mwana wake kuyang'ana anaima tsiku lina ndi ndowa pamutu, n'kunena kuti, "Kodi amaseka chonchi?" Amaseka chonchi kuyambira kale. Kunalibe womuona.

Wina atabwera lero ndi makina aja kudzawaika pachipatala cha St Peter's, ndingakhale woyamba pamzere, ndipo ndingathokoze. Sakalipa ngati nyanja ya mwezi wa Juni, safuna anthu awiri omugwira, ndipo mwana wolemera amene sitingathe kumukweza pabwato angakwerepo. Koma wina atandifunsa chimene tikufuna poyamba, sindingatchule makina. Ndingatchule munthu ngati mtsikana wa ku Mzuzu uja, wokhala pachilumba pompano kapena wobwera mwezi ndi mwezi osaphonya, woyenda khomo ndi khomo kuno ndi ku Chizumulu. Ola limodzi la manja ake linasintha zimene tinkachita zaka 6. Mabungwe alipo m'dziko muno: MAP, imene inayamba mu 1979 polimbana ndi poliyo ndipo ili ndi malo a Kachere ku Blantyre, a St John of God ku Mzuzu amene amathandiza ana ochedwa kukula, makolo a ana aulumali amene anapanga bungwe lawo la PODCAM. Lamulo loteteza anthu aulumali linakhazikitsidwa mu 2012. Koma pakati pa zonsezi ndi khonde lathu pali nyanja, ndipo amene amaiwoloka ndi mayi ndi mwana kumsana.

Ndingatchulenso mpando. Ku Zimbabwe bambo wina, Bevill Packer, anaphunzitsa anthu kupanga mipando yolimba ndi makatoni, mapepala akale ndi phala la ufa, ndipo luso limeneli lafika m'maiko ambiri muno mu Africa. Mpando wotere umapangidwa poyeza thupi la mwana mwiniyo, umamugwira m'chiuno ndi m'mbali, n'kumusiya manja omasuka. Mwana wokhala tsonga amameza bwino, satsamwa phala, amaona amene akulowa pakhomo. Makatoni amatsika mu Ilala sabata iliyonse, ndipo phala la chinangwa limamata. Njinga ya olumala tinalandirapo, koma pamchenga ndi pamiyala ya kuno imatitimira, ndiye imangokhala pakona.

Chimene chimandisowetsa tulo ndi msana uja. Achemwali sanafike zaka 40, koma akamadzuka m'mawa amayamba agwira khoma. Mwanayu akukula, monga ayenera kukulira. Chaka chino akulemera kuposa ndowa yodzaza madzi, ndipo zaka zitatu zikubwerazi adzakhala mnyamata. Palibe chitenje chimene chidzamukwane. Tsiku lina ndinawapeza atakhala pansi pa mlambe panjira ya kutchalitchi, mwana ali pamiyendo, akupuma mwa befu. Ndinati ndimutenge. Anandipatsa, koma anayenda pambali panga njira yonse dzanja lili pamsana pake, ngati kuti akadali kumunyamula. Mphindi iliyonse imene mwanayu aphunzira kukhala yekha ndi mphindi imene msana umenewo wapuma, ndipo n'chifukwa chake ndimadzuka m'mawa kukakoka bwato ngakhale nditachezera usiku wonse panyanja ndi nyali.

Dzulo nyanja inali bata, mapiri a ku Cobue akuoneka ngati ungawakhudze. Tinamukhazika pathumba lake. Ana atatu anagwira bwato kutsogolo, kamtsikana kena n'kumuikira chigoba cha nkhono m'dzanja lake lofumbata lija. Achemwali anayamba kuwerenga. Atafika pa 20 mawu awo anayamba kunjenjemera, ana aja n'kulandira kuwerengako, akufuula onse pamodzi monga amachitira kusukulu. Funde lina lokulirapo linabwera, bwato n'kupendekeka, ndipo ndinamva m'manja mwanga chiuno chake chikulimba chisanafike pogwa. Mutu unagwa pa 31. Anaudzutsa yekha, n'kutembenukira kwa amayi ake.

"Tiyambirenso, bambo anga?" anamufunsa.

Anamenya bwato ndi chigoba chija.